Mphindi 2 zimene sindinacheuke m'phanga la madzi

Munthu amene akutsogolera m'phanga lodzaza madzi samuona mnzake, chifukwa mnzakeyo amakhala kumbuyo kwa mapazi ake, ndipo masilinda awiri a mpweya amene ali kumsana salola khosi kutembenuka mokwanira. Chimene amaona ndi kuwala kwa tochi ya mnzakeyo. Wakumbuyo amaunika pansi, patsogolo pang'ono pa wotsogolera, ndipo kachigamba ka kuwala kameneko, kamene kamayenda pang'onopang'ono pamiyala ndi pamatope, ndiko kamanena kuti munthu alipo ndipo ali bwino. Kakajambula chozungulira, ndiye kuti akufunsa ngati zonse zili bwino. Kakayenda uku ndi uku modekha, akufuna kuti umucheukire. Kakagwedezeka mothamanga, pali ngozi, ndipo nthawi zambiri imakhala ya mpweya. Pansi pa madzi palibe kufuula, choncho chilankhulo chonse cha anthu awiri amene atalikirana chili m'tochi. Zimenezi ndinaziphunzira ndisanalowe m'phanga langa loyamba, ndipo ndinkadziona ngati ndikuzidziwa bwino, kufikira tsiku limene kuwala kwa mnzanga kunazimirira ine n'kupitiriza kusambira kwa mphindi pafupifupi 2 osazindikira kanthu.

Linali phanga lina la ku Yucatán, m'dziko la Mexico, kumene nthaka ndi ya miyala ya laimu imene madzi anaibowola kwa zaka zosawerengeka, ndipo polowera pake ndi maiwe achilengedwe amene eni dziko amawatcha cenote. Mapanga a kumeneko ndi aatali modabwitsa. Mu 2018 osambira anatsimikiza kuti Sac Actun ndi Dos Ojos ndi olumikizana, ndipo njira zake zonse pamodzi zinakwana makilomita 347. Ambiri mwa mapanga amenewa si akuya kwenikweni, madzi ake ndi ofunda ndiponso oyera, ndipo ubwino umenewu ndiwo umanyenga, chifukwa munthu amatha kulowa kutali kwambiri thupi lake osamva kuti wafika kutali. Lathu linali lakuya mamita pafupifupi 12, ndipo pakuya pamenepo ndi pamene madzi opanda mchere a pamwamba amakumana ndi madzi amchere a pansi. Malire a madzi awiriwa akakhala osasokonezedwa amaoneka ngati galasi, koma wosambira akangowadutsa ndi zipsepse zake amasakanikirana, ndipo wakumbuyo amaona zinthu ngati munthu amene wapaka mafuta pamagalasi ake. Chingwe cholondolera njira m'phanga, ngakhale chili pamtunda wa mkono umodzi, chimatha kusanduka chinthu chosadziwika bwino kumene chili.

Tinalowa aliyense ali ndi ma bar 210 m'masilinda ake (bar ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya wopanikizidwa m'silinda), ndipo tinagwirizana kuti amene geji yake yoonetsa mpweya wotsala iyambe kufika pa 140 ndiye adzakweza chala chachikulu, chizindikiro chimene chimatanthauza kuti ulendo watha ndipo palibe amene amachitsutsa. Limeneli ndilo lamulo la magawo atatu: gawo limodzi la mpweya ndi lolowera, lina ndi lotulukira, ndipo lachitatu ndi losungira ngozi, makamaka ya mnzako amene mpweya wake wamuthera ali kumapeto kwenikweni kwa ulendo. Lamuloli limayendera limodzi ndi dzina la Sheck Exley, wosambira wa ku Florida amene mu 1979 anatulutsa kabuku kofufuza imfa za anthu m'mapanga a madzi. Iye anaona kuti imfazo zinkabwerezabwereza zifukwa zomwezomwezo: kulowa popanda chingwe chosaduka chofika kunja, kusasunga mpweya wotulukira, ndi kupita pakuya kopitirira muyezo. Pambuyo pake panawonjezeredwa zifukwa zina ziwiri, kusaphunzira mokwanira ndi kusatenga matochi atatu. Exley mwiniyo anamwalira mu 1994 ku Zacatón, ku Mexico komweko, akuyesa kufika pakuya kwambiri. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti pamndandanda umenewu palibe mfundo yonena za kusiyana ndi mnzako. Ine ndikuona kuti chifukwa chake n'chakuti kusiyanako pakokha sikupha munthu. Chimene kumachita ndi kumukankhira munthu kuti aswe malamulo enawo limodzi ndi limodzi, asiye chingwe, adye mpweya wotulukira, alowe kumene sanakonzekere, ndipo achite zonsezi ali ndi chifukwa chimene mtima wake ukuti n'chabwino.

Patapita mphindi zoposa 20 tinafika pamphambano, pamene chingwe chachikulu chimagawikana pawiri, china kumanja china kumanzere. Pamalo otere wosambira aliyense amakoleka pachingwe kachizindikiro kake kapulasitiki, kozungulira ngati batani lalikulu, kamene timakatcha cookie, ndipo amakaika mbali imene kuli kunja. Kalikonse kamakhala ndi dzina la mwini wake ndiponso timipata tochekedwa m'mphepete kuti munthu akazindikire ndi zala ngakhale mumdima. Potuluka aliyense amachotsa kake, osati ka mnzake. Ndinaika kanga, ndinaona mnzanga akuika kake, tinapatsana chizindikiro chozungulira, ndipo ndinakhotera kumanja monga mmene tinapanganira. Kutsogolo kunali chipinda chachikulu chokhala ndi miyala yoyera yolendewera kudenga, ina yopyapyala ngati udzu, ndipo ndivomereze kuti maso anga anali kumeneko. Njira inakhota, inatsikira m'madzi amchere, n'kukweranso. Pamene ndinabweza maso pansi kuti ndione kachigamba ka kuwala kaja, ndinapeza kuti pali kuwala kumodzi kokha, kwa tochi yanga.

Chinthu choyamba chimene ndinachita chinali cholakwika. Ndinatembenuka mwamphamvu, thupi lonse nthawi imodzi, ndipo zipsepse zanga zinamenya pansi. Matope a m'phanga ndi osalala ngati ufa, anakhazikika kwa zaka zambiri popanda chowagwedeza, ndipo akavunduka satsika msanga. M'masekondi ochepa mbali imene ndinkafuna kuyang'anako inasanduka mtambo. Tinaphunzitsidwa kutembenuka pamalo amodzi ndi timikwapulo ting'onoting'ono ta akakolo, mawondo atapindidwa ndi mapazi ali m'mwamba, ndipo ndinali nditazichita kambirimbiri popanda vuto, koma mantha atabwera thupi linabwerera ku kasambiridwe kake kakale.

Amene anaphunzira kusambira ndi masilinda panyanja amadziwa lamulo losavuta: ukasiyana ndi mnzako, myang'ane kwa mphindi imodzi, ndipo ukapanda kumuona kwera pamwamba pang'onopang'ono, mukakumane kumeneko. Lamulo limeneli limadalira chinthu chimodzi, chakuti pamwamba pa mutu pali mpweya. M'phanga pamwamba pali thanthwe. Malo okhawo okumanirana ali kumapeto kwa chingwe, mtunda wa mphindi 25 kapena kuposa, ndipo amene wasochera sangangokwera kuti apulumuke. N'chifukwa chake m'phanga mnzako sumufunafuna kwa mphindi imodzi yokha, komanso sumufunafuna mpaka utamupeza. Umamufunafuna mpaka pamlingo wa mpweya umene wawerengera, ndipo mlingowo uyenera kuwerengedwa kusaka kusanayambe.

Ndinagwira chingwe ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu ndi cholozera zitachizungulira ngati mphete, osachikoka. Ndinapuma katatu mozama, ndikutulutsa mpweya wonse, chifukwa munthu wopuma mofulumira ndi mosafika pansi amadzaza m'thupi mpweya woipa, ndipo mpweya woipawo umawonjezera mantha omwewo amene anauyambitsa. Kenako ndinatulutsa muvi wapulasitiki m'thumba n'kuukoleka pachingwe, nsonga yake italoza kunja. Ena angaone ngati kumeneku n'kutaya nthawi mnzako ali pangozi, koma munthu amene wangotembenuka mumtambo wa matope angathe kuiwala m'kanthawi kochepa mbali imene wachokera, ndipo chingwe chimaoneka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Muvi utakhala pamalo ake, ndinakanikiza tochi pachifuwa panga kuti kuwala kusatuluke. Tochi sizimitsidwa, chifukwa ikazimitsidwa pansi pa madzi ingathe kukana kuyakanso. Mdima umene unabwera ndi wosiyana ndi wa usiku uliwonse wa kunja, popeza ulibe nyenyezi kapena kuwala kwina kotsalira kumene maso angazolowere. Ndinazungulira mutu pang'onopang'ono, kutsogolo, kumbuyo, kudenga, pansi, ndikuyembekeza kuona kuwala kofooka kukuchokera kuseri kwa mwala. Ndinaleka kupuma kwa masekondi angapo kuti phokoso la thovu langa lisatseke makutu, ndikumvetsera ngati kuli phokoso la chopumira cha munthu wina kapena kugogoda kwa chitsulo pasilinda. Kunali zii.

Geji inkaonetsa 160. Masamu amene ndinachita pamenepo ndi a mwana wa pulaimale, koma ndinawabwereza kawiri chifukwa mutu unkafuna kuthamangira kwina. Ndinalowa ndi 210, choncho kufika pamene ndinalipo kunandidyera 50, ndipo kutuluka kudzafuna 50 inanso. Koma 50 imeneyo ndi ya munthu mmodzi wodekha. Mnzanga ndikamupeza, n'kutheka kuti adzakhala atataya mpweya wake, ndipo ndidzafunika kumupatsa chopumira changa cha paipi yaitali ya mamita 2, imene inapangidwa dala kuti anthu awiri azipuma m'masilinda amodzi akuyenda motsogozana m'njira yothina. Choncho 50 ina ndi yake. Zonse pamodzi ndi 100, ndipo imeneyo si yokhudza. Yotsala, 60, ndiyo inali yofunafunira, kupita ndi kubwera komwe. Aphunzitsi amasiyana pang'ono pa kawerengedwe kake, ena amasunga wochulukirapo, koma onse amagwirizana pa mfundo yakuti mpweya wa mnzako wosowayo uyenera kusungidwa ngakhale kuti sukumuona. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa poganiza. Iwo amati munthu amene amakondadi mnzake angamufunefune mpaka mpweya wotsiriza. Koma taganizani za wosaka amene wapitirira mlingo n'kumupezadi mnzake atatsala ndi ma bar 40, mnzakeyo alibe kanthu. Wamupeza kuti amuchitire chiyani? Mpweya umene akanamupulumutsira ndi womwe waupsereza pomusaka. Ndipo pamalo akuya masamu amenewa amathina kwambiri, chifukwa pa mamita 10 munthu amadya mpweya kawiri poyerekeza ndi pamwamba, pa mamita 30 kanayi, ndipo mantha amawonjezera pamwamba pa zimenezo. Ndinalemba 100 m'kabuku kanga ka m'madzi ndi pensulo, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti nthawi ikadzafika ndisadzakambirane ndi mtima wanga ngati nambalayo inalidi imeneyo.

Popeza iye anali kumbuyo, nzeru inali yobwerera m'chingwe kulowera kunja, ndipo kubwerera koteroko kuli ndi ubwino wakuti sikuwonjezera mtunda wotulukira. Ndinadutsa mumtambo umene ndinavundula ndekha, dzanja lili pachingwe, ndinatsikira m'madzi amchere aja amene anali akadali osokonezeka, ndipo pa mamita angapo alionse ndinkaima n'kuphimbanso tochi. Ndinkayembekeza kumupeza pokhota paja atagwira chingwe akundidikira. Panalibe. Ndinafika pamphambano, ndinaunika mbali ya kunja, ndipo tizizindikiro tonse tiwiri tinali pomwepo, kanga ndi kake, tikugwedezeka pang'ono ndi madzi. Nkhongono zinandithera, chifukwa kachizindikiro kake kankanena zinthu momveka: mwini wake sanatuluke. Akanakhala kuti wabwerera chifukwa cha vuto lina, akanakachotsa. Ndipo pachingwe chonse chimene ndinabwerera nacho sindinakumane naye. Panatsala zinthu ziwiri zokha, kuti wataya chingwe ndipo ali penapake m'mbali mwa chipindacho, kapena walowa njira ya kumanzere imene sitinapangane.

Ndinayamba ndi yoyambayo, chifukwa munthu wopanda chingwe ndiye ali pangozi yaikulu, komanso sindinkakhulupirira kuti munthu wosamala ngati iye angalowe njira yolakwika. Kusiya chingwe chachikulu popanda kumanga china ndi kudziwonjezera pa chiwerengero cha osochera, choncho ndinatulutsa spool yanga ya ngozi, kachipangizo kokulungapo chingwe chapadera, ndinamanga nsonga yake pachingwe chachikulu pafupi ndi muvi wina woloza kunja, ndipo ndinayamba kusambira chammbali ndikumasula chingwe changacho, chili chokungika kuti chisandikole miyendo. Wosaka amawerenga zizindikiro. Kamtambo ka matope pamalo amene sunadutsepo kamanena kuti wina wadutsapo posachedwa. Mizere ya zala kapena ya zipsepse pansi imanena zomwezo. Kudenga, thovu la wosambira limasonkhana m'timaenje ta thanthwe n'kumanyezimira ngati siliva, ndipo thovulo likamakwera limagwetsa tizidutswa ta miyala yofewa timene timatsika pang'onopang'ono ngati phulusa. Ndinayang'ananso kudenga chifukwa munthu amene wasokonezeka amakonda kuyandama osadziwa, n'kukakhala m'mwamba mwa chipinda pamene wosaka amene maso ake ali pansi samuona. Mbali imodzi madzi anali oyera, osakhudzidwa. Mbali inayo kunali kamtambo ndithu, koma sindikanatha kusiyanitsa ngati kanali kake kapena kanga. Pamene ndinkakulunga chingwe kubwerera pamphambano, geji inali pa 128, ndipo ndinadziwa kuti ndikupuma mofulumira kuposa masiku onse.

Njira ya kumanzere inali yotsala. Ndinali ndi ma bar 28 oti ndigwiritse ntchito, ndiye kuti 14 yopitira ndi 14 yobwerera. Nditangolowamo ndinaona chimene ndinayenera kuona kale: madzi a mmenemo anali ovunduka pang'ono m'mbali mwa chingwe, mzere wautali wolowera mkati. Anali atadutsamo. Ndinasambira, ndinaima, ndinaphimba tochi, ndinasambiranso. Pa 114 ndinaima komaliza n'kuphimba tochi kwa nthawi yaitali kuposa kale lonse, ndipo sindinaone kanthu.

Za mphindi imeneyo ndi zimene ndinafuna kulemba, chifukwa palibe maphunziro amene amaikonzekeretsa mokwanira. Pophunzira, mphunzitsi amabisa mnzako kuseri kwa mwala, iwe umachita zonse motsatira ndondomeko, ndipo mumtima umadziwa kuti munthuyo ali bwino. Pano ndinali ndi umboni wakuti ali kutsogolo kwanga, mwina kuseri kwa kukhota kotsatira, ndipo m'masilinda munali mpweya wambiri ndithu. Mtima unkati mamita 10 okha, kenako udzabwerera. Vuto la mawu amenewa n'lakuti pakatha mamita 10 amabweranso chimodzimodzi, ali ndi mphamvu zoposa poyamba, chifukwa tsopano wawononga zambiri ndipo kubwerera chimanjamanja kukuoneka kopweteka koposa. Panalinso manyazi, ndisabise: ndinkaganiza za mmene ndidzatulukire ndekha, anthu n'kundifunsa kuti mnzanu ali kuti. Chimene chinanditembenuza sichinali kulimba mtima. Chinali chakuti m'mawa wa tsiku lomwelo, tili m'madzi osaya tisanamire, tinanena mokweza, monga timachitira nthawi zonse, zimene aliyense adzachite tikasiyana, ndipo iye ananena kuti adzafunafuna mpaka pamlingo wake kenako adzatuluka, ndipo ine ndichite chimodzimodzi. Ndikanapitirira, ndikanakhala pamalo amene iye sakuyembekeza kuti ndingakhalepo, pa nthawi imene iye akuganiza kuti ndili panjira yotuluka. Anthu awiri amene akusakana popanda malire amatha kuzungulirana m'phanga mpaka onse atatha mpweya, aliyense akukana kutuluka chifukwa cha mnzake. Pangano lotuluka ndilo limathyola mzungulire umenewu, ndipo limagwira ntchito pokhapokha ngati aliyense akhulupirira kuti mnzakeyo alisunga.

Ndisanabwerere ndinakoleka muvi pachingwe pomwepo, woloza kumphambano. Nditafika pamphambano ndinachotsa imodzi mwa matochi anga awiri apadera, ndinaiyatsa, ndipo ndinaikoleka pachingwe mbali ya kunja, kuwala kwake kutaloza njira ya kumanzere kuti aione ali patali. Ndinang'amba tsamba m'kabuku, ndinalembapo kuti ndatuluka, ndili bwino, ndi nthawi yake, n'kulipanikiza pa chokolekera cha tochiyo. Kenako ndinachotsa kachizindikiro kanga n'kusiya kake. Pa zonse zimene manja anga anachita tsiku limenelo, kuchotsa kapulasitiki kameneko ndiko kunali kolemera, chifukwa kunkaoneka ngati kusaina kuti ndamusiya. Komabe kukasiya kukanakhala kumunamiza. Akanafika pamphambano, akanaona kuti ndikadali mkati, ndipo akanakhotera njira ya kumanja kukandifunafuna.

Potuluka sindinathamange, ngakhale kuti thupi linkafuna, ndipo ndinkacheuka kawirikawiri n'kuphimba tochi. Nditafika pamene kuwala kwa dzuwa kumayamba kuoneka, ndinaima pa mamita 5 kwa mphindi zingapo monga mwa nthawi zonse, nkhope italoza kumdima kumene ndachokera, ndikukonza m'mutu zimene ndikanene kunja: nthawi imene ndinamuona komaliza, njira imene walowa, mpweya umene anali nawo, ndi nthawi imene mpweyawo ungathere. Amenewa ndiwo mauthenga amene opulumutsa amafuna, ndipo wotuluka ali moyo ndiye yekha angawapereke. Anthu amene amachita ntchito imeneyi, monga a IUCRR, bungwe lopulumutsa ndi kutulutsa anthu m'mapanga a madzi, nthawi zambiri amaitanidwa kukatulutsa mitembo, chifukwa mpweya wa m'silinda sudikira kuti thandizo lisonkhane. Koma pali nthawi zina pamene kutuluka kwa mmodzi kunapulumutsa winayo. Mu April 2017, pachilumba cha Mallorca ku Spain, Xisco Gràcia ndi Guillem Mascaró anataya chingwe m'madzi ovunduka, ndipo atafika m'chipinda china chokhala ndi mpweya pamwamba anaona kuti mpweya wa m'masilinda sungakwanire onse awiri. Anagwirizana kuti Mascaró atuluke akaitane thandizo, ndipo Gràcia anatsala m'chipindamo kwa maola pafupifupi 60 mpaka anamupeza ali moyo. Iwo anasiyana mwadala, atakambirana, ndipo ife tinasiyana mwangozi, koma pa nkhani zonse ziwiri panafunika kuti wina avomere kutuluka yekha.

Patapita mphindi 9 ndili pamenepo, kutali mumdima kunaoneka kuwala kuwiri kofooka, kumodzi m'dzanja lililonse. Ndinajambula chozungulira ndi tochi yanga, ndipo kuwala kumodzi kunajambula chozungulira kuyankha.

Tili pamwamba, titachotsa zopumira pakamwa, panapita kanthawi wina asanalankhule. Iye ndiye anayamba, akundipatsa tochi yanga: “Achimwene, mukanapanda kusiya iyi ndi kapepala kaja, ine ndikanalowa kumanja.” Nkhani yake inali yosavuta mochititsa mantha. Titangodutsa mphambano, tochi yake yaikulu inazima. Chida chimene akanandiitanira nacho ndicho chinafa. Pamene ankamasula tochi yapadera pachifuwa, manja onse awiri ali pantchito, anayandama pang'ono n'kulowa m'malire a madzi aja amene ine ndinali nditawasokoneza, ndipo chingwe chinasowa m'maso mwake. Tochi yapadera itayaka anaona chingwe chapafupi, anachigwira, ndipo poganiza kuti ndi chomwe chija anasambira mofulumira kuti andipeze. Chinali cha kumanzere. Anazindikira patapita nthawi, ataona kuti madzi a kutsogolo kwake ndi oyera kwambiri moti sipangakhale munthu amene wadutsamo. Anaima, anaphimba tochi, anawerengera mpweya wake monga ndinachitira ine, ndipo anabwerera. Muvi umene ndinasiya uja anaupeza, ndipo anati kuchokera pamene anabwererapo kufika pa muviwo sipanali patali kwenikweni. Sindinamufunse kuti mamita angati, ndipo mpaka lero sindifuna kudziwa.

Iye anadziimba mlandu pa zinthu ziwiri, kuti sanagwire chingwe asanayambe kulimbana ndi tochi, ndiponso kuti atachipeza sanabwerere pamphambano kukatsimikiza ndi tizizindikiro tathu. N'zoona, koma ine ndimaona kuti mlandu waukulu unali wanga. Tochi imafa, n'chifukwa chake timatenga zitatu, ndipo kufa kwa tochi pakati pa anthu awiri oyandikana ndi nkhani ya masekondi 20: wotsogolera amaona kuti kuwala kwasowa, amaima, amatembenuka, amamuunikira mnzake mpaka atayatsa ina, ndipo onse amatuluka, wa tochi yofookayo ali patsogolo. Chimene chinasandutsa kavuto kameneka kukhala kusaka kwa mphindi zambiri ndi mphindi 2 zija zimene maso anga anali pamiyala. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo m'phanga mtunda umene wasiyana ndi mnzako subwezeka mosavuta, chifukwa wotsalayo akamathamangira kuti akupeze amapuma kwambiri, amavundula madzi, ndipo amaleka kuwerenga chingwe.

Pali osambira ena odziwa bwino ntchito amene amati zonsezi zikusonyeza kuti ndi bwino kulowa wekha, popeza wopanda mnzake alibe womusaka ndipo alibe womusowa. Mfundo yawo ili ndi mbali yoona, yakuti aliyense wolowa m'phanga ayenera kukhala wokhoza kudzitulutsa yekha, ndipo mnzako si chida cholowa m'malo mwa luso limene ulibe. Koma ine sindinafike pogwirizana nawo, chifukwa mnzako ali ndi masilinda ena, maso ena ndi mutu wina umene ungaone kuti wako wayamba kusokonekera. Tinapitiriza kusambira limodzi. Tsopano pa mphambano iliyonse, pokhota paliponse, ndi potuluka m'malire a madzi amchere, wotsogolera amaima mpaka kuwala kwa wakumbuyo kutafika pambali pake n'kujambula chozungulira, ndipo pakati pa malo amenewa ndimawerenga mapumidwe anga, pa kachisanu kalikonse n'kutsitsa maso pansi kufunafuna kachigamba kaja. Tsamba limene ndinang'amba lija anandibwezera pamodzi ndi tochi, ndipo ndinalibwezera m'kabuku momwe linachoka, pafupi ndi tsamba lolembedwa 100.